Lipoti la nkhani: amphaka a kwa aneba pakhomo la mayi woyanika usipa ku Senga Bay

Dandaulo

Nkhaniyi ndi ya khomo lina la ku Senga Bay m'boma la Salima, ndipo inafika kwa ife alangizi a ziweto mwezi wa Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Eni khomo ndi mayi amene amagula usipa wauwisi padoko n'kukaufutsa kapena kuuyanika pathandala kuseri kwa nyumba. Amawetanso nkhuku zachikuda, ndipo ali ndi kadimba kothirira ka mabedi asanu a repu, mpiru ndi tomato, kuphatikizapo nazale. Pakhomopo pamakhala ana awiri aang'ono ndi mtengwa amene panthawiyo anali woyembekezera.

Usipa unkachepa pathandala, anapiye 5 mwa 11 anasowa m'sabata ziwiri, nazale inkafukulidwa usiku uliwonse n'kusiyidwamo chimbudzi, ndipo pabalaza pankanunkha mkodzo ngakhale akolope ndi Jik m'mawa uliwonse. Zonsezi ankaloza amphaka a nyumba yoyandikana nayo. Kumeneko kunali mphaka wamkazi ndi ana ake awiri a miyezi ngati isanu, komanso wamphongo wamkulu wopanda mwini amene ankabwera usiku kudzatsata wamkaziyo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anali wofula kapena wobayidwa katemera wa chiwewe.

Banjali linali litayesa kale makoko a mandimu, tsabola wosinja ndi legeni. Mnyamata wa pakhomopo anafika pothira tameki mu usipa n'kuusiya m'mbali mwa mpanda. Amphaka anaununkhiza n'kuusiya. Amene anautola ndi mathadzi awiri a pakhomo pomwepo, ndipo anafa tsiku lomwelo. Mwamwayi palibe amene anadya nkhukuzo.

Kufufuza

Tisanakhudze chilichonse tinafuna kudziwa ngati wolakwa ndi mphaka yekha. Njira yake ndi yosalira ndalama: madzulo kusefa phulusa louma n'kulifalitsa mopyapyala kuzungulira miyendo ya thandala, khola, mabedi ndi pansi pa mawindo, kenako kuwerenga mapazi m'mamawa nkhuku zisanatuluke. Phazi la mphaka ndi lozungulira, la zala zinayi, ndipo silionetsa zikhadabo chifukwa amazibweza poyenda. La galu limaonetsa zikhadabo. Ng'azi imasiya zala zazitali ndi mzere wa mchira pakati.

Pamabedi ndi pansi pa windo mapazi anali a mphaka okhaokha. Pathandala usiku anali mphaka, koma masana akhwangwala ankatola usipa wambiri kuposa iye. Pakhola panapezeka mzere wa ng'azi wolunjika pabowo la pansi pa chitseko, pamene mapazi a mphaka anangodutsa chapatali. Mphaka amagwiradi anapiye, makamaka osakwana mwezi, koma pakhomo pano umboni sunkaloza iye. Mfundoyi inali yofunika kwambiri chifukwa mayiwo anali atakonzeka kukasuma kwa amfumu kuti aneba alipe anapiye.

Zoitana amphaka zinali poyera. Madzi ofutsira usipa ankatayidwa pafupi ndi mpanda wa udzu, matumbo ndi mamba a chambo ankaponyedwa padzala osakwirira, mapoto ndi mkute zinkagona m'khitchini mosavundikira, ndipo m'chipinda chosungiramo matumba a madeya munali makoswe. Pamwamba pa zonsezi, dothi la kuno ndi lamchenga. Bedi lotipulidwa bwino n'kusalazidwa ndiye malo enieni amene mphaka amafuna akati adzithandize, poti amakumba mosavutika n'kufotsera.

Makomo olowera m'nyumba anali awiri. Pakati pa khoma ndi malata mbali ya khitchini panali mpata wa masentimita 12, ndipo nthambi ya mango inkagwa padenga pomwepo. M'mphepete mwa njerwa munakanirira ubweya. Khomo lachiwiri linali windo la pabalaza limene ankalisiya lotsekula chifukwa cha kutentha. Zitsulo zotchinga akuba sizitchinga mphaka. Pamene mutu wake wadutsa thupi limadutsanso, choncho mpata uliwonse woposa masentimita 5 uyenera kuwerengedwa ngati khomo.

Sitinalangize zomanga mpanda wina. Mphaka wathanzi amadumpha mita ndi theka osathamangira, ndipo mpanda wa udzu, wa bango kapena wa njerwa amaukwera mosavuta. Ndalama za mpanda n'kwabwino kuzigwiritsa ntchito potchinga zinthu zimene iye akutsata.

Chakudya choyamba

Madzi ofutsira usipa tinati azithiridwa m'dzenje lakuya masentimita 50 n'kufotsera ndi dothi tsiku lomwelo, chimodzimodzinso matumbo a nsomba. Mapoto atsukidwe usiku, mkute uvundikiridwe ndi mbale yopsinja. Madeya anasamutsidwira m'mgolo wokhala ndi chivundikiro.

Thandala ndi limene linafuna ntchito. Usipa suuma tsiku limodzi, ndipo ukaulonga m'thumba la pulasitiki uli wachinyezi umaola, motero nthawi zambiri umagona panja. Tinapanga chivundikiro cha nsungwi chokutidwa ndi waya wa nkhuku wa mabowo a mamilimita 25, pamwamba ndi m'mbali monse, chotalika masentimita 30 kuchokera pamene pali nsomba. Kutalikako kuli ndi chifukwa: waya akagona pansomba, mphaka amakhala pamwamba n'kumakola usipa ndi chikhadabo. Pansi pa thandala panafunikanso waya pamene mabango anali otalikirana, apo ayi amakoka nsomba ali chapansi. Chivundikirocho chinathetsanso vuto la akhwangwala. Neti yakale ya udzudzu, imene ambiri amathamangira, tinaikana. Ili ndi mankhwala osayenera kukhudza chakudya, imatchinga mphepo nsomba n'kuchedwa kuuma, ndipo mphaka amaing'amba usiku umodzi.

Khola linangofuna kutseka bowo la pansi pa chitseko ndi njerwa, ndi kukonza kachipinda ka anapiye ka waya wa mabowo a mamilimita 13, kokutidwa pamwamba, waya wake atakwiriridwa masentimita 20 m'dothi. Waya wa mabowo aakulu sathandiza apa chifukwa mwanapiye amatulutsa mutu. Anapiye azikhala m'menemo ndi make mpaka atakwana sabata zisanu ndi imodzi.

Nyumba ndi fungo la mkodzo

Nthambi ya mango inadulidwa kuti pakati pa mtengo ndi denga pakhale mamita awiri. Mpata wa pansi pa malata sitinautseke wonse ndi njerwa, chifukwa m'nyumba ya malata ku Salima kuno mpweya wa pamenepo ndi wofunika. Tinamanga njerwa modumphadumpha n'kutseka mipata yotsala ndi waya wopinda kawiri, wokhomeredwa kumapaso. Pamawindo panaikidwa sefa yotchinga udzudzu.

Sefa yoyamba inali ya pulasitiki, ndipo wamphongo uja anaiboola m'kona pasanathe sabata. Inasinthidwa ndi yachitsulo, kunja kwake n'kukhomerako waya wa nkhuku. Amene akugula sefa chifukwa cha amphaka ayambire pomwepo pa yachitsulo.

Fungo la pabalaza silinali la mkodzo wamba. Mphaka wamphongo wosafula amaima chotembenukira khoma, mchira uli m'mwamba ukunjenjemera, n'kupopera timadontho pamtunda wa masentimita 20 mpaka 30 kuchokera pansi. Ndi chizindikiro chouza amphaka ena kuti malowo ndi ake, ndipo amabwerera kudzachiwonjezera chikayamba kuzirala. Mayiwo ankakolopa pansi pamene mkodzo unali pakhoma, pamwendo wa mpando ndi pansalu ya pachitseko. Jik sachotsa fungolo, amangolibisa, ndipo amphaka ambiri amakopeka ndi fungo lake. Mankhwala okolopera okhala ndi amoniya ndiye amaipitsiratu zinthu chifukwa mkodzo womwewo uli ndi amoniya.

Katsukidwe kamene kanagwira ntchito ndi aka. Malowo afufuzidwe ndi mphuno, munthu atagwada, mawindo atatsekedwa kwa kanthawi. Atsukidwe ndi sopo waufa wochapira m'madzi ofunda, muyezo umodzi wa sopo pa miyezo khumi ya madzi, kupitirira pamene pakuoneka dontho. Atsukuluzidwe ndi madzi oyera n'kuumitsa. Kenako apopedwe ndi viniga wosakaniza ndi madzi mofanana, kapena sipiliti, n'kusiya kuti aume okha. Viniga asasakanizidwe ndi Jik chifukwa pamatuluka mpweya wopweteka m'mapapo. Pasimenti ndi panjerwa yosapaka pulasitala mkodzo umalowerera, ndiye pamafunika kubwereza katatu kapena kanayi. Nyumba yozira ndi dothi, pamalopo papalidwe n'kuzira mwatsopano. Nsalu ichapidwe n'kuyanikidwa padzuwa tsiku lonse. Khushoni imodzi imene mkodzo unalowa mpaka m'siponji inatayidwa.

Dimba

Apa ndi pamene panali chiopsezo chachikulu kuposa kutayika kwa mbande, ngakhale banjalo silinkachiona choncho. M'chimbudzi cha mphaka mumatha kukhala kachilombo kotchedwa Toxoplasma. Mphaka amakatulutsa kwa sabata imodzi mpaka zitatu atangokatenga kumene, ndipo ana amphaka ndi amene amakhala pamsinkhu umenewo. Mazira ake sapatsira munthu tsiku lomwelo; amakhwima pakadutsa tsiku limodzi mpaka masiku asanu, kenako amakhala ndi moyo m'dothi lachinyezi kwa chaka kapena kuposerapo. Anthu ambiri akakatenga samva kanthu, koma mayi akakatenga koyamba ali woyembekezera, mimba itha kuchoka kapena mwana kubadwa ndi vuto la maso ndi ubongo. M'chimbudzimo mumakhalanso mazira a njoka zam'mimba, ndipo mphutsi za mtundu wina wa njokazo zimaboola khungu la mapazi mumchenga n'kusiya mzere woyabwa wokhotakhota. Ana a pakhomopo ankasewera m'mbali mwa mabedi opanda nsapato.

Choncho mtengwa anauzidwa kuti asiye kupalira ndi kuokera mpaka atachira. Munthu wina azichotsa chimbudzicho m'mawa uliwonse ndi fosholo, pamodzi ndi dothi lozungulira lakuya masentimita asanu, n'kukachiponya m'chimbudzi chokumba. Chisalowe pamulu wa manyowa. Masamba atsukidwe ndi madzi ambiri n'kuphikidwa mpaka apse, tomato wodya wosaphika atsukidwe bwino, ndipo aliyense wochokera kudimba asambe m'manja ndi sopo. Kuchotsa tsiku ndi tsiku kumathandiza kawiri: mazira aja amachoka asanakhwime, ndipo fungo loitana mphaka kuti abwerere pomwepo limachepa.

Kutchinga mabedi kunatengera msinkhu wa mbewu. Nazale inakutidwa ndi waya wa nkhuku wokhala pa timitengo topinda, masentimita 20 pamwamba pa dothi, m'mbali mwake mutapsinjidwa ndi njerwa kuti uzinyamulidwa pozula mbande. Waya wogoneka pansi penipeni amaletsadi kukumba, koma panazale mbande zimamerera m'mabowo ake ndipo pozula mizu imaduka. Kugoneka pansi n'koyenera pabedi limene mbewu zidzakulire pomwepo, atakhomeredwa ndi zikhomo pa masentimita 50 alionse kuti asatukuke.

Pamabedi ookera kale tinazika timitengo ta nsungwi ta masentimita 25, masentimita 10 m'dothi, totalikirana masentimita 10 mpaka 12 mbali zonse. Cholinga si kubaya mphaka koma kumusowetsa pokhala ndi potembenukira. Nsonga zake zikhale zobuntha chifukwa cha maso a ana ndi a wopalira. Pamene timitengo tinatalikirana masentimita 20, amphaka anapitiriza monga kale mpaka tinawonjezera. Repu akakula n'kuphimba dothi, timitengo titha kuzulidwa n'kupita pabedi lina. Nthambi za minga monga kankhande zimagwira ntchito yomweyo kwaulere, koma pakhomo la ana oyenda opanda nsapato sitinazilole.

Za kuphimbira: mankhusu a mpunga, amene kuno amapezeka mosavuta, ndi utuchi zimafewetsa malo, amphaka n'kuzikonda. Mapesi ogoneka mopingasa amawasokoneza, koma amaitana chiswe ndiye aziyang'aniridwa. Kuthirira madzulo m'malo mwa m'mawa wokha kunathandiza pang'ono chifukwa mphaka sakonda dothi lonyowa, kungoti mchenga wa Okutobala umauma usiku usanathe.

Makoko a mandimu fungo lake limatha ndi dzuwa la tsiku limodzi. Tsabola amapweteka maso a chiweto ndipo mphepo imam'bwezera kwa ana. Timibulu toyera tothamangitsa njenjete m'zovala ndi poizoni kwa mphaka, kwa mwana ndi m'dothi lolimapo ndiwo. Kuwaza madzi kumam'phunzitsa mphaka kuthawa munthu, koma munthuyo akagona iye amabwerera.

Za tameki ziyenera kunenedwa mosabisa. Kachidutswa kochepa kamapha galu, nkhuku ngakhalenso mwana amene watola nsomba pansi, ndipo chodya nyama yofa nayeyo chimakhudzidwanso. Kupha chiweto cha mnzako ndi poizoni ndi nkhanza zimene malamulo oteteza zinyama m'dziko muno amaletsa. Sikuthetsanso vuto, chifukwa pamene pali usipa ndi makoswe mphaka wina amadzalowa m'malo mwa wophedwayo. Kum'manga m'thumba n'kukam'taya kutchire nakonso sikuthandiza: ena amabwerera, ena amafa ndi njala, ndipo otayidwa kufupi ndi nkhalango monga Thuma kapena Kuti amagwira mbalame ndi kuswana ndi avumbwe.

Kukambirana ndi aneba

Mabanja awiriwa anali atasiya kupatsana moni, ndipo mawu oti mphaka wamphongo uja ndi wotumidwa anali atayamba kumveka pamjigo. Izi zinafunika kuzizimitsa msanga. Mphaka amayenda usiku chifukwa makoswe amayenda usiku, ndipo kulira kwake konga kwa khanda ndi kwa nthawi yokwerana kapena kulimbirana wamkazi. Tinakumbutsanso mbali zonse kuti kunamizira munthu ufiti ndi mlandu pansi pa lamulo la 1911 limene likugwirabe ntchito.

Kukambirana kunachitikira pakhonde la aneba, mayi wina wachikulire wa m'mudzimo ali mkhalapakati, ndipo sikunayambe ndi za kulipa. Eni dandaulo anavomera kuti anapiye anatha ndi ng'azi ndipo anapepesa za tameki. Aneba anafotokoza kuti amasunga amphaka chifukwa cha makoswe m'matumba a mpunga, ndipo sawapatsa chakudya poopa kuti akakhuta asiya kusaka. Chikhulupiriro chimenechi n'chofala koma n'cholakwika. Mphaka wokhuta amasakabe, ndipo amasakira pafupi ndi pamene amadyera; wanjala ndi amene amayendayenda m'makomo a eni. Anagwirizana kuti amphakawo azipatsidwa chakudya madzulo alionse nthawi imodzimodzi, m'chipinda cha mpunga momwemo: bonya kapena zotsala za nsomba zophika zodzaza chikhatho kwa mphaka aliyense, posakaniza ndi nsima pang'ono, ndi madzi akumwa. Nsima yokha siimukwanira mphaka chifukwa thupi lake limadalira nyama, ndipo ndiwo zochuluka anyezi zimamuwononga magazi.

Aneba anakonzanso kamalo ka mchenga wotipula, mita imodzi m'litali ndi m'lifupi, kuseri kwa nyumba yawo, kutali ndi chitsime ndi posewerera ana, kuti amphaka azidzithandizira pamenepo. Kamalo kotere kamagwira ntchito ngati kakuyeretsedwa tsiku lililonse; kakadzaza amakasiya.

Katemera wa chiwewe anaperekedwa kwa wamkazi ndi ana ake kudzera ku ofesi ya zaziweto, ndipo azibwerezedwa chaka ndi chaka. Mphaka amayamba kulandira katemerayu ali ndi miyezi itatu. Mabanja onse anauzidwa kuti munthu akalumidwa kapena kukandidwa mpaka magazi, atsuke balalo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, apite kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo chiwetocho chiyang'aniridwe masiku khumi osachipha. N'chifukwa chakenso mphaka wolowa m'nyumba asamapanikizidwe pakona. Atsekuliridwe chitseko atuluke yekha.

Nkhani yaikulu inali yobereka. Mphaka amatenga bere masiku 63 mpaka 65, amaswa ana atatu mpaka asanu, kawiri kapena katatu pachaka, ndipo wamkazi atha kutenga bere ali ndi miyezi isanu yokha. Mwana wamphongo anafulidwa ndi dokotala wa ziweto atam'gonetsa. Mphira kapena chipaniro chofulira mbuzi zisagwiritsidwe ntchito pa mphaka, ndipo akamachira bala asapatsidwe panado ngakhale theka la piritsi chifukwa amamupha. Amphongo ambiri akafulidwa amasiya kupopera mkodzo ndi kuyenda kutali. Akazi awiriwo, make ndi mwana winayo, amafunika opaleshoni yochotsa chiberekero, ndipo tinawalozera ku bungwe losamalira zinyama la LSPCA ku Lilongwe, mtunda woposa makilomita 100 pamsewu wa M14, atanyamulidwa m'dengu lolimba lomanga chivundikiro. Aneba anafunsa za jakisoni wolera wa anthu amene ena amabaya amphaka. Tinawaletsa, chifukwa amayambitsa mafinya m'chiberekero ndi zotupa m'mawere.

Zotsatira

Pofika kumayambiriro kwa Disembala nazale yatsopano inali itamera bwino, usipa sunkasowanso, ndipo m'nyumba simunalowenso mphaka chisinthireni sefa. Fungo la pabalaza linatha atatsuka kachinayi. Anapiye otsala onse anakula. Mapazi a amphaka ankaonekabe paphulusa m'mbali mwa mpanda, koma ongodutsa.

Makoswe m'nyumba anawonjezeka pang'ono amphaka atasiya kulowa. Tinalangiza misampha yotchera motsatira khoma usiku, n'kuichotsa m'mawa ana asanadzuke, osati mankhwala, poti khoswe wodya mankhwala akagwidwa ndi mphaka kapena nkhuku poizoniyo amapita nawo.

Zotsala ndi zitatu. Wamphongo wopanda mwini uja sanagwidwe ndipo akupoperabe pachipata; akufunika msampha wa bokosi wosavulaza, wotcherwa ndi nsomba madzulo, kuti afulidwe, abayidwe katemera n'kubwezedwa pamalo pomwepo. Akazi awiri aja sanapitebe ku opaleshoni chifukwa cha ndalama zoyendera, ndipo wamkuluyo akuoneka kuti watenga kale bere lina. Mabanja awiriwa agwirizana zosonkherana theka ndi theka, ndipo wamng'onoyo ndi amene ayenera kutsogola asanakwerane. Pomaliza, waya wogona padothi lonyowa amachita dzimbiri msanga nthawi ya mvula, choncho wa pamabedi aziunikidwa mwezi uliwonse, ndipo bedi likakhala lopanda mbewu apindidwe n'kusungidwa pouma.